Kodi Cithunzi ca Bruce Lee Ndi Fano?

Bruce Lee anamwalira ku Hong Kong pa 20 July 1973 ali ndi zaka 32 cabe, ndipo m'dziko lathu lino la Zambia sanapondemo phazi. Koma tayendani muli maso kucokera ku City Market, kudzera ku Kamwala, mpaka ku Kabwata, muone ngati simudzakumana naye. Ali pa khoma la kanyumba kometeramo tsitsi, wojambulidwa ndi penti, wosabvala malaya, pacifuwa pali mabala ofiira onga okandidwa ndi nyalugwe. Ali pa sikipa ya salaula imene wina wayanika pa waya. Ndipo kamwana ka zaka zisanu, kamene sikanaonepo filimu yake ngakhale imodzi, kakayambana ndi kanzake kamaponya mwendo m'mwamba ndi kulira ngati cona. Kanaonera kwa mkulu wake, mkulu wakeyo anaonera kwa amalume ake, ndipo amalumewo anaonera kwa munthu amene anafa zaka zoposa 50 zapitazo.

Caka catha nkhani ya munthu ameneyu inalowa m'gulu lathu la acinyamata ku Chelstone, ndipo inang'amba pakati nyumba ya Akristu anzathu. Eni ake andilola kuti ndiilembe muno, koma popanda kuchula maina.

Kunali mapemphero a usiku wonse, ndipo kunabwera mlaliki wa kwina. Ine ndinali ku maliro kumudzi kwathu ku Katete. Amene analipo akuti mlendoyo anaphunzitsa mwamphamvu pa Macitidwe 19, za anthu a ku Efeso amene atatembenuka mtima anasonkhanitsa mabuku a matsenga ndi kuwatentha pamaso pa onse. Anali atauziratu acinyamata kuti abwere ndi ciliconse ca mdima cimene cili kwao. Ena anabweretsadi zithumwa, ndipo mtsikana wina anamasula kacingwe ka m'ciuno kamene kanamcititsa mantha zaka zambiri. Pa zimenezo ndilibe mau ena, Mulungu alemekezeke. Koma mnyamata wina wa zaka 17, wacangu pa za Mulungu kuposa ambiri a ife, anabwera ndi pepala lalikulu lopinda. Cinali cithunzi ca Bruce Lee ca atate ake, cimene cinakhala kuseri kwa citseko ca kucipinda cao kuyambira iye asanabadwe. Pamwamba pake panali cinjoka. Mlaliki ataciona anati ndico cinjoka ca pa Cibvumbulutso 12, ndipo cinaponyedwa pa moto anthu akuimba.

Nditabwerako ku maliro, atate a mnyamatayo anandipeza pa chalichi. Ndi munthu wopuma pa nchito, wofatsa, amene sajomba mapemphero. Sanakalipe. Anangobvula cisoti nati, "Mwana wanga, phulusa lija munalitaya kuti? Mwina kacidutswa kanatsalako." Panalibe kacidutswa. Anabvala cisoti cao nabwerera. Kunyumba analeka kudyera pamodzi ndi mwana wao, ndipo mwanayo anayamba kuuza anzake kuti akuzunzidwa cifukwa ca cikhulupiriro.

Pofuna kumvetsa m'mene pepala lingapwetekere munthu wamkulu cotero, ndinapita kwa amalume anga ku mafulati a ku Kabwata, pakuti iwo ndi a msinkhu umodzi ndi bamboyo. Atamva nkhaniyo sanayankhe msanga. Anakoka bokosi la citsulo pansi pa bedi. M'menemo munali matepu 6 a vidiyo amene makina ake oonetsera anafa kale, magazini ya karate yopanda cikuto, ndi tindodo tiwiri tolumikiza ndi unyolo, tija amati nanchaku. Anatipanga okha mu 1976, podula mpini wa khasu la ambuya ndi kumasula unyolo wa galu. Anandigwiritsa cipsera ca kunkhongo kwao, cimene tindodoto tinawapatsa tsiku loyamba lomwelo.

"Amalume," ndinatero, "kodi inu munali kumpembedza munthu ameneyu?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, ife Mulungu tinali kumpembedza pa Sondo. Bruce Lee tinali kukamuona pa Ciweru masana."

Anandisimbira kuti masiku amenewo nyumba za basikopo zinali m'tauni, ndipo anyamata a ku Kabwata, Kamwala ndi Chilenje anali kupitako wa pansi, atasunga mangwee sabata yonse. Wopanda ndalama anali kudikira panja kuti otuluka amfotokozere filimu yonse, ndi manja ndi miyendo yomwe. Mavidiyo atabwera m'ma 1980, ana a ku Kabulonga ndi Woodlands anali kuonera m'nyumba zao atakhala pa sofa, pamene a m'komboni anali kuthinana pa mabenchi m'kanyumba ka vidiyo sho, cinsalu cakuda cili pakhomo. Koma onse anali kutuluka akuyenda mofanana, cala cacikulu cikupukuta mphuno.

Filimu imene amalume saiiwala ndi Fist of Fury ya 1972. Nkhani yake icitikira ku Shanghai m'masiku amene alendo anali kulamulira zigawo za mzindawo. Bruce Lee afika pa cipata ca paki, ndipo mlonda amletsa kulowa, namuonetsa cikwangwani coletsa agalu ndi anthu a ku China. Pomwepo mlendo wina alowa ndi galu wake, osaletsedwa. Tsono mnyamatayo amenya cikwangwanico ndi phazi, cikwera m'mwamba, ndipo iye alumpha naciphwanya cisanafike pansi. Amalume akuti pamenepo holo yonse inaimirira, ngakhale madoda a imvi amene anangolowa kuthawa dzuwa.

Inu acinyamata anzanga amene, monga ine, munakula Manda Hill ilipo kale, mwina simungamve cimene cinaimiritsa anthu aja. Zaka 20 cabe m'mbuyo mwake, mu Cairo Road momwe muno, munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa m'masitolo ena ndi m'mabuchala. Anali kuima kumbali pa kazenera, nalandira nyama yokulungidwa kale, imene sanaisankhe. N'cifukwa cake m'ma 1950 cipani ca African National Congress ca Harry Nkumbula cinauza anthu kuleka kugula m'mabuchala amenewo. Ambuya anga aamuna anaimapo pa kazenera kotero. Ana ao, atakhala mu mdima wa basikopo, anaona munthu wocepa thupi, wosakhala mzungu, akuphwanya cikwangwani ca cipongwe. Kufikira nthawi imeneyo ngwazi za pa kanema zinali a John Wayne ndi a Tarzan, ndipo anthu a khungu longa lathu anali onyamula katundu. Mu 1974 boma linaimika Freedom Statue mu Independence Avenue, munthu akudula maunyolo. Amalume amati kwa iwo, pa msinkhu wa zaka 14, ciboliboli cimeneco ndi filimu ija zinali kunena cinthu cimodzi.

Bruce Lee mwini wake anaudziwa mnyozo. Anabadwira ku San Francisco pa 27 November 1940, nakulira ku Hong Kong, kumene anaphunzira pa masukulu a Akatolika, ina mwa iyo La Salle College. Anali wa ndeu za mumseu, kotero kuti mu 1959 makolo ake anamtumiza ku America. Ku Seattle anali kuperekera zakudya mu lesitilanti, akuphunzira pa University of Washington, ndipo anayamba kuphunzitsa kung fu kwa aliyense wofuna, posayang'ana khungu. Wophunzira wake woyamba, Jesse Glover, anali munthu wakuda. Ku Hollywood anampatsa malo a Kato, dalaivala wa bwana, wobisa nkhope, mu The Green Hornet ya 1966, koma malo a ngwazi anakana kumpatsa. Mu 1970 anapweteka msana ponyamula zitsulo, nagona miyezi yambiri akuwerenga ndi kulemba, pakuti anali munthu wa mabuku oposa 2,000. Atabwerera ku Hong Kong mu 1971 anapanga The Big Boss, Fist of Fury, The Way of the Dragon ndi Enter the Dragon. Yotsirizayi, imene inamchukitsa dziko lonse, inatuluka iye ali kale m'manda. Anafa ndi kutupa kwa bongo atamwa mankhwala a mutu.

Nanga cinjoka cija? Dzina lake la pa kanema m'cinenero ca kwao linali Siu-lung, ndiko kuti kacinjoka, ndipo 1940 pa kalendala ya ku China cinali caka ca cinjoka. Kwa anthu a kumeneko cinjoka ndi cizindikiro ca mvula, mphamvu ndi mwai. Si cija ca Yohane pa cisumbu ca Patmo. Ojambula cithunzi anali kungolemba dzina la munthu.

Sindifuna kumsandutsa woyera mtima. Atafunsidwa ngati akhulupirira Mulungu, iye anakana poyera. Mafilimu ake ambiri ndi a kulipsira, cinthu cimene Aroma 12 atiuza kusiyira Mulungu, ndipo amalume abvomera kuti anyamata ena anathyolana manja poyesa zimene anaona, ena nasanduka zigawenga za pa siteshoni. Ndiponso pali cinthu conyansa cimene cinamera pa manda ake, ndico malonda. Atangofa, amalonda anafuna anyamata ofanana naye nawapatsa maina onga Bruce Li, Bruce Le ndi Dragon Lee, kuti anthu a kutali monga ife alipire osazindikira. Pa matepu 6 a amalume, awiri ndi a anthu onamizira amenewa. Iwo adziwa, koma akuti sangawataye, cifukwa anawagula ndi malipiro ao oyamba. Mu 1978 kunatuluka Game of Death, filimu imene Bruce Lee anaisiya yosatha. Iye mwini aonekamo mphindi pafupifupi 11 cabe, kwina konse ndi anthu ena obvala magalasi akuda, ndipo opanga filimuyo sanacite manyazi kuikamo zithunzi za maliro ake eni-eni, mtembo uli m'bokosi. Cobvala cacikasu ca mufilimu imeneyo cinagulitsidwa pa msika wopikisana mitengo ku Hong Kong mu 2013, pa ndalama pafupifupi madola 100,000 a ku America. Koma nyumba imene anali kukhalamo ku Kowloon Tong inasanduka malo ogona a anthu olipira pa ola, ndipo mu 2019 inagwetsedwa, angakhale omkonda anadandaula.

Zina ndi zabwinopo. Mu 2005 anamuimikira ciboliboli ku Hong Kong, ndi cina ku Mostar m'dziko la Bosnia, mzinda umene anthu ake anali ataphana m'nkhondo ya mitundu ndi zipembedzo. Acinyamata a kumeneko pofuna munthu amene mbali zonse zinamkonda pa ubwana, anapeza Bruce Lee. Ku Seattle, pa manda a Lake View, agona pambali pa mwana wake Brandon, amene anafa mu 1993 ali ndi zaka 28 pa ngozi ya mfuti pojambula filimu. Anthu ocokera m'maiko akutali amapita kumeneko ndi maluwa.

Tsono fano lili pati? Ine ndiganiza kuti munthu wolipira madola 100,000 pa nsalu ya thukuta la wakufa ali pafupi ndi fano kuposa bambo wa ku Chelstone. Buku Lopatulika silicita mantha ndi zinthu zosungidwa. Pa Yoswa 4 Aisrayeli anatola miyala 12 mu Yordano naiimika, kuti ana ao akadzafunsa tanthauzo lake, makolo adzapeze poyambira kusimba. Pa 1 Samueli 21 tipeza lupanga la Goliate, cida ca Mfilisti wonyoza Mulungu, litakulungidwa m'nsalu ndi kusungidwa kwa wansembe Ahimeleki ku Nobu. Palibe amene anati lidetsa malo opatulika. Komanso pa 2 Mafumu 18 mfumu Hezekiya anaphwanya njoka ya mkuwa imene Mose anaipanga polamulidwa ndi Mulungu mwini, pakuti anthu anali atayamba kuifukizira zonunkhira. Cimene Hezekiya anayang'ana ndi zofukizazo. Bambo wa ku Chelstone sanagwadirepo citseko ca kucipinda cake. Ndipo tikanena zoona, cinthu cimene ambiri a ife timayamba kucigwira m'mawa tisanapemphere, cokhala ndi nkhope ya wosewera mpira wa ku England pagalasi pake, cinali m'matumba mwa onse usiku uja, koma palibe amene anaciponya pa moto.

Pali cinanso pa Macitidwe 19 cimene ndinapempha gulu lathu kuti liwerenge mofatsa pa Sondo lotsatira. Mabuku aja, a mtengo wa ndalama za siliva 50,000, anabwera nao ndi eni ake, amene anali kucita matsengawo. Aliyense anatentha cake, ndipo kutaya kunali kwake. Sitiwerenga kuti mwana analowa kucipinda ca atate ake iwo ali ku msika. Kulapa kwa munthu wina sungamcitire ndi macisi. Mnyamata wathu sanacite mwa njiru, anacita mwa cangu, ndipo cangu cimeneco ndicifuna m'gulu lathu. Koma lamulo la kulemekeza atate ndi amai silinafafanizidwe ndi mapemphero a usiku wonse.

Patapita masabata atatu tinapita ku nyumba ija, ine ndi mkulu wa mpingo mmodzi. Amai a m'nyumbamo anatipangira tiyi, mnyamata anakhala pansi pafupi ndi khomo, ndipo atate ake analankhula maso ali pa kapu.

Mu 1979 iwo anali kukhala ku Kabwata. Anali anyamata asanu ndi awiri, ndipo anali kudzuka m'bandakuca kukacita karate pa bwalo la sukulu, opanda nsapato, opanda mphunzitsi, koma magazini imodzi yong'ambika. Anapangana kuti m'gulu lao mulibe womwa mowa kapena kukoka fodya, pakuti anakhulupirira kuti wa karate sacita zimenezo. Bamboyo akuti pangano limenelo ndilo linawasunga kufikira tsiku limene anabatizidwa. Anasonkherana ndalama miyezi iwiri nagula cithunzi cija m'sitolo ya mmwenye ku Kamwala, ndipo cinali kuzungulira, mwezi uno kwa uyu, mwezi wa mawa kwa uje. Kumbuyo kwake aliyense analemba dzina lake lonse ndi dzanja lake, pamodzi ndi dzina la cibwana limene anali kuitanana nalo. Kamera panalibe, kotero kuti asanu ndi awiriwo sanajambulitsepo pamodzi.

Kenaka zinafika zaka zimene makolo athu sakonda kuzisimba. Mu 1987 Pulezidenti Kaunda anaulula poyera kuti mwana wao anafa ndi Edzi, koma m'makomboni anthu anapitiriza kunena kuti uje anadwala nthawi yaitali. Pakati pa 1988 ndi 1997 asanu a gulu lija anamwalira, ena ndi matenda amenewo, mmodzi pa ngozi ya basi. Wacisanu ndi cimodzi anali atapita kale ku Kitwe mu 1982, ndipo sanamvekenso. Cithunzi cinaleka kuzungulira pakuti panalibenso kocipereka.

"Bruce Lee ine ndiribe naye kanthu," anatero bamboyo. "Ndinali kumata nkhope yake kunja cifukwa ndiko kuli cithunzi. Caka ciliconse pa Krisimasi ndinali kucimatula ndi kuwerenga kumbuyo."

Mnyamata anayamba kulira. Anati sanadziwe. Atate ake anati, "Sunafunse." Amai, amene anali cete nthawi yonseyi, anati, "Nanunso simunamuuze." Mkulu wa mpingo anapemphera mwacidule, ndipo madzulo amenewo anadyera m'mbale imodzi.

Sabata yotsatira mnyamata anapita m'tauni, napeza cithunzi cofanana pa intaneti, nacisindikiza cacikulu ndi ndalama zake za basi. Atate ake anacilandira ndi manja awiri, nacitembenuza, nayang'ana kumbuyo koyera. Anati zikomo, naciika pamwamba pa kabati. Pa citseko sanacimate.

Mu August, udzu utauma, gulu lathu linabwereka masilasha ndi makasu, ndipo tinakwera minibasi kupyola Woodlands mpaka ku manda akale a Leopards Hill, bamboyo ali patsogolo. Mwa asanu aja, atatu anaikidwa kumeneko. Manda awiri tinawapeza, tinalambula, ndipo atsikana anaimba nyimbo imodzi. Acitatu tinawafuna mpaka dzuwa kupendeka. Timalata tolembapo maina tinadyedwa ndi dzimbiri, ndipo mtengo umene bamboyo anali kuyambira kuwerenga mapazi unadulidwa. Tinakhala pansi kumwa madzi, ndipo mnyamata anatulutsa kope la kusukulu napempha atate ake kuti achule maina onse, iye alembe. Anachula asanu akufawo mosadodoma, ndi maina ao a cibwana omwe, akuseka pa ena. Atafika pa uja wa ku Kitwe anaima.

"Mwina akali moyo, atate," anatero mnyamata. "Ndingamfune pa Facebook. Dzina la atate ake anali ndani?"

Bamboyo anagwira cipumi nthawi yaitali. "Ife tinali kumuitana Kato," anatero. "Dzina lake lonse linali pa cithunzi cija."